Ulendo wa Loweruka ku Senga Bay: tipite ndi mwera umenewu?

Bambo a Tadala (Admin):
Abale, ndabwera ndi nkhani ya ulendo wathu wa Loweruka. Masana ano ndamva pa wailesi kuti a zanyengo achenjeza za mwera wamphamvu pa nyanja kuyambira mawa mpaka kumapeto kwa sabata. Ndikudziwa kuti ndalama ya mafuta tasonkha kale, ena mwagula kale mbedza ndi zingwe zatsopano. Koma ndisanawauze adalaivala kuti tinyamuka 4 koloko m'mamawa, ndati timvane kaye pano. Tipite kapena tisunthe tsiku?

Kampango wa ku Kawale:
Tipite basi abwana. Chenjezo limenelo ndi la anthu a mabwato ndi maboti, amene amalowa pakati pa nyanja. Ife tikakhala pa miyala, mapazi ali pamtunda. Komanso madzi akavunduka m'pamene nsomba zikuluzikulu zimayandikira kugombe. Ine tchuthi ndapempha kale kuntchito.

Nabanda Area 25:
Inenso ndimaganiza choncho. Si paja tinagwirizana kuti sitikwera bwato?

Che Mbedza (Kanengo):
Achimwene a ku Kawale, mawu akuti "mapazi ali pamtunda" ndi amene andidzutsa pampando. Ine ndinabadwira ku Senga Bay konko, bambo anga anali msodzi, ndipo maliro a m'madzi amene ndinawaona ndili mwana sanali a anthu a m'mabwato okhaokha ayi. Munthu wa m'bwato amadziwa kuti ali pa ngozi, amayang'ana kumwamba, amayang'ana mtundu wa madzi, akaona kuti zavuta amakokera bwato pamchenga n'kukakhala pansi pa mtengo kumasoka ukonde. Munthu woima pa thanthwe ndi amene amadziona ngati ali kunyumba. Amatembenuka, kuipatsa nyanja msana, n'kumaika nyambo pa mbedza. Funde silimukankha mwamphamvu kwambiri ayi, limangomufika m'mawondo, phazi n'kuterereka pa ndere, basi ali m'madzi. Ndiye funde lachiwiri limamumenyetsa pa thanthwe lomwelo limene anaimapo.

Miyala ija mukuifuna, ya kumapeto kwa gombe kumunsi kwa phiri, nthawi ya mwera imakhala yonyowa mpaka pamwamba. Mukafika pamalo n'kuona kuti mwala wanyowa kufika pamene mukufuna kuima, dziwani kuti funde lafikapo posachedwa ndipo lifikanso. Ngakhale pa nthawi imene mwafikayo madzi akuoneka kuti ali kutali.

Kampango wa ku Kawale:
Koma Che Mbedza, ine ndimasambira. Kusambira ndinaphunzirira mumtsinje wa Lilongwe momwemu ndili mwana, nthawi ya mvula madzi atadzaza.

Che Mbedza (Kanengo):
Sindikukana kuti mumasambira. Koma mumtsinje mumalowa mwafuna nokha, mwavula, mwapuma mpweya wokwanira. Pa thanthwe mumagwa mosayembekezera, mwavala jekete ya Julayi, jinzi, majombo, chikwama chili kumsana, mwinanso mutu wagunda mwala. Wokomoka sasambira.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Ndiloleni ndiwonjezere pa zimene anena Che Mbedza, chifukwa ambiri a ife obadwira kumtunda kuno timaiona nyanja ya Malawi ngati damu lalikulu. Kukula kwa funde kumadalira zinthu zitatu: mphamvu ya mphepo, nthawi imene mphepoyo yakhala ikuwomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsapo popanda chotchinga. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550 kuchokera ku Mangochi kukafika kumpoto kwa Karonga, ndipo pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, ndiye umatsata utali wa nyanjayo. N'chifukwa chake mafunde ake amakula kwambiri akamapita kumpoto, cha ku Nkhata Bay ndi Chilumba uko. Koma ndi pa Salima pomwe mphepoyo imakhala itadutsa kale madzi ambiri, ndipo gombe lake linayang'ana kum'mawa, kumene mafunde akuchokera.

Nyengo yake ndi ino, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, ndipo ukayamba umatha kuwomba masiku angapo osaleka. Sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo, yatsopano.

Chinthu china chimene chimapusitsa anthu n'chakuti mafunde sabwera ofanana. Amabwera m'magulumagulu. Pamadutsa ang'onoang'ono kwa mphindi zingapo, munthu n'kuganiza kuti nyanja yagona, n'kutsikira pa mwala wa m'munsi. Kenako mafunde awiri akakumana n'kuphatikizana, pamatuluka limodzi lalikulu kuposa onse amene munawaona. Komanso mphepo ikaleka, mafunde saleka nthawi yomweyo. Mutha kufika Loweruka m'mawa mitengo ili zii, koma nyanja ikadali kutumiza mafunde a mphepo ya Lachisanu.

Nabanda Area 25:
Aphunzitsi, zoti mphepo itha kuleka mafunde n'kumapitirira ndiye ndikuzimva koyamba.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Zimatero mayi. Mphamvu ikalowa m'madzi imatenga nthawi kuti ithe.

Malume a ku Durban:
Moni nonse kumudzi. Ndakhala chete nthawi yaitali pa gulu pano koma nkhani iyi yandikhudza. Kuno ndimawedza masiku opuma, nthawi zambiri cha ku Blue Lagoon pamene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja yamchere. Anzathu ambiri ochokera kumudzi akafika kuno amayamba kuwedza kuti apeze ndiwo, ena n'kugulitsako pang'ono, ndipo palibe amene amawauza za nyanja imeneyi.

Chosiyana kwambiri ndi kwathu n'chakuti kuno madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Pafupifupi maola sikisi akubwera, maola sikisi akubwerera. Munthu amayenda pa miyala youma kupita kutsogolo madzi atatsika, n'kukhala pamenepo maso ali pa chingwe. Akamatembenuka kuti azibwerera, njira imene anadzera ili pansi pa madzi. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, kukwera kwake kumaposa masiku ena onse. Tsono zikakumana ndi namondwe wa kutali, ndiye zoopsa. Mu Malichi 2007 mafunde anaphwanya misewu ndi nyumba za m'mbali mwa nyanja ku Ballito ndi madera ena a KwaZulu-Natal. Mu Seputembala 2023 zinachitikanso cha ku Cape, madzi analowa m'misewu ku Gordon's Bay mpaka kukokolola magalimoto. Ena mwa inu munaona mavidiyo ake pa Facebook.

Pa jeti, chimlatho chija cholowa m'nyanja, anthu amadzimva otetezeka chifukwa ndi simenti, ndi pokwera. Koma jeti imalowa mkati mwa nyanja, kumene madzi ndi akuya, ndipo funde likamenya khoma lake limakwera m'mwamba n'kusesa pamwamba ponse. M'mbali mwa jeti mumakhalanso madzi othamanga obwerera kunyanja. Ukagwera m'menemo sukubwerera kugombe ayi, ukupita mkati.

Kampango wa ku Kawale:
Malume, imeneyo ndi nyanja yamchere. Ya kwathu ilibe zokwera ndi kutsika zimenezo.

Malume a ku Durban:
Zoona mphwanga, ilibe. Koma kuno kuli zinthu zimene kwathu kulibenso. Kuli bungwe la NSRI, lopulumutsa anthu pa nyanja, linayamba mu 1967, lili ndi maboti ndi anthu odzipereka amene amanyamuka ukangoimba foni. M'magombe ambiri anapachika zoyandamitsa zapinki zoti aliyense atha kutenga n'kuponyera munthu amene akumira. M'magombe osambira muli anyamata olondera. Ndi zonsezo, owedza pa miyala amakokoledwabe chaka ndi chaka. Tsono iwe ukagwa pa miyala ya ku Senga Bay 6 koloko m'mawa, akubwera ndani? Asodzi amene akanakuthandiza ndi bwato ndi omwewo amene akokera mabwato awo kumtunda chifukwa cha mwera.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Ndipo madzi a nyanja yathu alibe mchere, sanyamula thupi ngati a ku Durban. Munthu amayenera kulimbana kwambiri kuti mutu ukhale pamwamba.

Phiri wa Matayala (Biwi):
Ine ndili ndi maganizo ena pang'ono, musandikwiyire. Nthawi zonse tikapita ku nyanja timapeza tianyamata ta m'midzi ya konko tili pa miyala yomweyo ndi timbedza tawo, mwera kapena popanda mwera. Ana a zaka teni. Ngati iwowo akutha, ife akuluakulu tilephera bwanji? Nthawi zina timaopsezana mopitirira muyeso. Tikamatsatira chenjezo lililonse la a zanyengo ndiye kuyambira Juni mpaka Ogasiti sitidzapitako.

Che Mbedza (Kanengo):
A Phiri, funso lanu ndi labwino ndipo ine ndinali mmodzi wa ana amenewo. Muwayang'anitsitse ulendo wina. Alibe nsapato, zala za kuphazi zimagwira mwala. Avala kabudula yekha. M'manja muli chingwe chokha, alibe chikwama, alibe foni yoti aiteteze, alibe ndodo yowedzera yodula yoti aikakamire. Amadziwa mwala uliwonse, pamene pali dzenje, pamene ungatulukire ukagwa. Maso awo sachoka pa madzi, ndipo funde lalikulu likamabwera amakuwirana n'kuthawira pamwamba lisanafike. Mwera ukakula kwenikweni simungawapeze kumbali yoyang'ana mphepo, amasamukira kuseri kumene phiri latchinga.

Ndipo ndinene mosabisa, anawo amafanso. Kungoti maliro a mwana wa msodzi samveka mu Lilongwe muno. Amaikidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, nkhani n'kuthera pamudzi.

Pa zoti sitidzapitako miyezi itatu, ayi, mwera suwomba tsiku lililonse. Umawomba masiku angapo, n'kupuma. Vuto lathu a m'tauni ndi lakuti tsiku timasankha ndi kalendala ya kuntchito, osati poyang'ana nyanja. Ndipo munthu amene wayenda makilomita oposa 100, wathira mafuta pa mtengo wa masiku ano, wadzuka usiku, akafika n'kupeza nyanja yakwiya savomera kubwerera osaponya mbedza. Amati ndingoponyako kamodzi. Wa pamudzi pompo akaona choncho amangobwerera kunyumba, abweranso mawa, sanataye kanthu.

Phiri wa Matayala (Biwi):
Apo pa mafuta mwanena zoona. Ine kufika pa Senga Bay n'kungokhala m'galimoto sindingathe.

Che Mbedza (Kanengo):
N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuithetsa pano, tili ku Lilongwe, tisanaione nyanja.

Nachisale:
Ndakhala ndikuwerenga, ndimafuna kungokhala chete koma mtima wakana. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, anatisiya chonchi. Anapita ndi anzake a kuntchito ku nyanja miyezi yozizira ngati ino. Sanakwere bwato. Mbedza yake inakodwa pansi pa mwala, ndiye anatsika pang'ono kuti akaikole, anzake akuona. Amati funde silinali lalikulu n'komwe. Mnzake mmodzi anadumphira kuti amugwire, iyenso anatsala pang'ono kupita, anamukoka ndi asodzi. Thupi la mlamu wanga linapezeka patapita masiku, kutali ndi pamene anagwera. Masiku amenewo tinali pagombe ndi apongozi anga, kudikira. Anasiya mkazi ndi ana awiri, wamng'ono anali asanayambe kuyenda.

Mbedza imene ankafuna kupulumutsayo mtengo wake sunkafika ngakhale pa buledi mmodzi. Chonde abale, ine sindiwedza, ndili pa gulu pano chifukwa cha amuna anga, koma musapite.

Nabanda Area 25:
Pepani kwambiri achemwali. Mulungu apitirize kutonthoza banja lanu.

Bambo a Tadala (Admin):
Pepani mayi. Zikomo polimba mtima kutiuza.

Malume a ku Durban:
Pepani mayi. Zimene mwafotokozazo ndi zomwe zimachitikanso kuno, nthawi ziwiri zimene munthu amatsikira pa mwala wa m'munsi: mbedza ikakodwa, ndi nsomba yaikulu ikafika pafupi akufuna kuitulutsa. Nthawi zonse ziwirizo maso amachoka pa nyanja. Mbedza ikakodwa dulani chingwe. Nsomba ikakula, yendani nayo chammbali mpaka pamchenga kapena pamalo otsetsereka bwino, ikaduka iduke.

Amayi a Chikondi (nesi):
Pepani a Nachisale. Popeza nkhani yafika apa, ndinene mbali imene ndikuidziwa, kaya tipita Loweruka kaya tsiku lina.

Munthu akagwera m'madzi, musadumphiremo. Womira amagwira chilichonse ndi mphamvu zonse, ndipo amakwera pa mutu pa amene wabwera kudzamupulumutsa. Mponyereni choyandama. Chigubu chopanda kanthu chotseka bwino pakamwa chimanyamula munthu wamkulu, makamaka cha malita 20, ndipo mukachimangirira chingwe chachitali mutha kumukoka. Cooler box yotseka imayandamanso. Zimenezi zizikhala pafupi ndi pamene mwaima, osati m'galimoto.

Inu amene mwagwa, musalimbane ndi kukwera pa mwala womwewo mafunde akumenya, m'pamene anthu amasweka mutu ndi nthiti. Tayani ndodo, vulani chikwama, gonani chagada, tambasulani manja, pumani kaye. Kenako sambirani kuchoka pa miyala kupita kumene kuli mchenga, ngakhale kukhale kotalikirapo.

Mukamutulutsa ndipo sakupuma, musataye nthawi ndi kumuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke. Ndikudziwa ndi zimene tinakula tikuona, koma zimangochititsa kuti asanze, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Chimene thupi lake likusowa ndi mpweya. Mugonekeni chagada pamalo olimba, kwezani chibwano, tsinani mphuno, muuzireni mpweya pakamwa mpaka chifuwa chikwere. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, mpweya kawiri, ka 30, mpweya kawiri, osaleka, muzisinthana. Wina akhale akuyitana galimoto. Akayamba kupuma mugonekeni cham'mbali, mvuleni zonyowa, mufunditseni.

Ndipo ngakhale adzuke n'kumalankhula bwinobwino, ngati anamwa madzi n'kutsamwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mapapo amatha kuyamba kuvuta patapita maola. Kuchokera ku Senga Bay kukafika ku chipatala cha boma pa Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 20. Musamuike m'galimoto n'kumati tikaonera ku Lilongwe.

Phiri wa Matayala (Biwi):
Anesi, zozondotsa zija ine ndimadziwa kuti ndiye chithandizo chake. Mpaka pano.

Amayi a Chikondi (nesi):
Ambiri amadziwa choncho bambo. Tikadzakumana ndidzakuonetsani ndi manja, ndi zosavuta. Ndipo pali nkhani ina imene palibe akuitchula: mowa. Maulendo athu onse cooler box imakhala ndi mabotolo. Sindikuletsa munthu kumwa, koma amwe atatsika pa miyala, mbedza zitapindidwa. Botolo limodzi lokha limachedwetsa phazi, ndipo pa ndere phazi likachedwa pang'ono basi zatha.

Kampango wa ku Kawale:
A Nachisale pepani, sindimadziwa. Sindikufuna kuoneka wamakani. Koma ndifunse, life jacket singathetse nkhani yonseyi? Ndili nayo ina ndinagula pa kaunjika.

Malume a ku Durban:
Ivale, ndipo ndikanakonda aliyense pa gulu pano akanakhala nayo. Imakupatsa nthawi, ndipo nthawi ndi imene womira amasowa. Koma uyiyese kaye pamadzi osaya, chifukwa za pa kaunjika zina zinatha mphamvu kalekale, zina n'zosewerera ana. Imange bwino kuti isakwere kumaso ukalowa m'madzi. Dziwanso kuti zambiri zotchipa sizitembenuza munthu wokomoka kuti nkhope iyang'ane kumwamba. Ndipo jekete siletsa funde kukumenyetsa pa mwala. Kuno ndaona anthu akuivala n'kuyamba kuima malo amene sakanaima popanda iyo.

Che Mbedza (Kanengo):
Pali chinanso chimene ndimafuna a Phiri ndi ena amene munazolowera malo aja mudziwe. Nyanja siikhala pa mlingo umodzi. Chaka chilichonse imakwera mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka mvula ina. Ndipo mu 2024 inakwera modabwitsa, munaona malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota madzi atalowa m'zipinda. Mwala umene munaimapo zaka zapitazo mu Novembala, wouma ndi wokhakhala, si womwewo mu Julayi. Pamene panakhala madzi nthawi yaitali pamamera ndere, ndipo mchenga wa pansi umasuntha, pena pamene panali posaya pamakhala phompho. Ndiye mawu akuti "malo aja ndimawadziwa" musawadalire kwambiri.

Komanso amene mumakonda kampango mumafuna kuwedza usiku kapena kusanache. Mumdima funde mumalimva ndi khutu lokha, tochi ya pamutu imangoonetsa pamene mwayang'ana. Ndipo kufupi ndi mathiriro a mitsinje ngati Linthipe ndi m'mabango muli ng'ona ndi mvuu. Usiku wa mwera pa miyala ine sindingapite ngakhale mutandilipira.

Nabanda Area 25:
Nanga pa jeti ya ku Chipoka? Kumeneko si kwabwinoko?

Che Mbedza (Kanengo):
Chipoka ndi doko la sitima mayi, si malo ongofika n'kuyamba kuponya, pamafunika kupempha kwa oyang'anira. Ndipo zimene anena malume za jeti n'zoona ndi kwathu komwe. Pansi pake ndi pakuya chifukwa anapangira sitima, makoma ake ndi oimirira, ukagwa palibe pogwira. Pa mchenga funde limakugwetsa n'kukutaya kumtunda nthawi zambiri. Pa jeti limakusiya m'madzi akuya pafupi ndi zitsulo.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Pa mchenga pomwe pali malo ena ofunika kusamala. Madzi onse amene mafunde akuwatayira kugombe amayenera kubwerera, ndipo amasankha ngalande imodzi n'kumathamangira mkati. Pamalo pamenepo pamaoneka podekha, mafunde sasweka, madzi amakhala akuda kapena amatope pang'ono. Wowedza amene akufuna kulowa mpaka m'chiuno kuti aponye patali amasankha pomwepo chifukwa pakuoneka pabata. Akakukokani madzi otero musalimbane nawo kubwerera molunjika, sambirani chammbali motsata gombe mpaka mutulukemo.

Phiri wa Matayala (Biwi):
Chabwino, ine ndagonja pa za Loweruka. Koma ndalama tasonkha ija itani? Ndipo ena tauza kale mabanja kuti kubwera nsomba.

Bambo a Tadala (Admin):
Ndalama ili bwinobwino, palibe yagwiritsidwa ntchito kupatula ya adalaivala yogwirira tsiku, ndipo ndalankhula nawo avomera kusuntha. Maganizo anga ndi awa. Loweruka lino amene akufuna tipite ku damu ku Malingunde, ndi pafupi, mafuta ake ndi ochepa, ndikafunsa mawa za chilolezo. Anesi akationetse komweko zija anenazi. Ulendo wa ku Senga Bay tisauikire tsiku lero. Che Mbedza ali ndi abale konko, azitiuza m'mene nyanja ilili, tiphatikize ndi uthenga wa a zanyengo, ndipo tikaona mpata wa masiku awiri kapena atatu abata tidzanyamuke. Tivomerezanenso kuti kuyambira pano galimoto siinyamuka popanda chigubu ndi chingwe, ndipo palibe woima yekha pa miyala.

Amene mukugwirizana nazo lembani.

Nabanda Area 25:
Ndavomera. Chigubu cha malita 20 ndili nacho, chinali cha mafuta ophikira, chitsekero chake chili bwino.

Phiri wa Matayala (Biwi):
Ndavomera. Chingwe ndibweretsa ine, ndili nacho cha nayiloni chomangira katundu.

Amayi a Chikondi (nesi):
Ndavomera, Loweruka ndili pa off. A Phiri chingwecho chikhale chachitali ndithu, ndipo mumange mfundo zingapo kumapeto kuti dzanja lonyowa lipeze pogwira.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Ndili momwemo.

Nachisale:
Zikomo abale. Amuna anga abwera ku Malingundeko.

Kampango wa ku Kawale:
Ine ndinene chilungamo kuti ndisakunamizeni. Ku Salima ndipitabe, chifukwa tchuthi ndatenga kale ndipo ndili ndi katundu woti ndikasiye kwa azakhali anga pa Kamuzu Road. Ndikwera minibasi Lachisanu. Ndodo ndinyamula. Koma pa miyala sindikwera, zimenezo ndamva.

Che Mbedza (Kanengo):
Achimwene, ndikanakonda ndodoyo itsale, chifukwa ndikudziwa m'mene mtima umachitira ukaiona nyanja ndodo ili m'manja. Koma ndinu wamkulu. Ngati mupita, ndikutumizirani ku inbox nambala ya mng'ono wanga, ndi msodzi konko. Mukafike kwa iye kaye musanapite kumadzi. Akakuuzani kuti lero ayi, ndiye kuti ayi, mukakhale naye pagombe muzicheza. Akakulolani, akakusonyezani kuseri kumene mphepo siifika, ndipo akakupatsani mnyamata woti mukhale naye. Musanaponye mbedza mukhale kaye pamtunda mphindi 20 mukungoyang'ana pamene funde lalikulu likufika, kenako mukaime kumtunda kwa pamenepo. Majombo ndi patapata zonse ziwiri musavale.

Malume a ku Durban:
Ndipo mphwanga uwauze azakhaliwo malo enieni amene wapita ndi nthawi imene ubwerere. Foni uiike m'pepala la pulasitiki, m'thumba la malaya, osati m'chikwama.

Kampango wa ku Kawale:
Ndamva malume. Che Mbedza nambala ija ndailandira, ndiwaimbira mawa masana. Nsapato ndiye ndivale zotani?

Che Mbedza (Kanengo):
Zamasewera zakale zija, zopepuka, zomanga ndi zingwe, zokhala ndi mphira yofewa kupansi. Ndamuuza kale mng'ono wanga kuti mukubwera. Akuti kuyambira dzulo palibe bwato lalowa m'madzi, ndipo usipa pagombe wasowa.

Bambo a Tadala (Admin):
A ku Kawale, mukafika Lachisanu mutilembere pano, ndipo Loweruka madzulo mutilemberenso. Enanu a ku Malingunde tikumane 5 koloko m'mawa pamalo pathu pa nthawi zonse, za chilolezo ndikuuzani mawa ndikamva.